Dzina Langa Papepala la Bambo Egidio

Madambo a Pontino, 28 Epulo 1935

Mkazi wanga Erminia,

Moni kwa inu, kwa amayi, kwa Tullio ndi Nives. Ine ndilipo, msana wokha ndiwo ukung'ung'udza. Chifuwa cha amayi chikuti bwanji? Musawalole kupita ku Misa ya mbandakucha kukadazizira chonchi, ngakhale akukalipireni.

Ndatumiza ndalama, malira makumi asanu ndi limodzi, papositi. Mumugulire Tullio nsapato, sangamakwere phiri kukatema mitengo zala zili panja. Zotsalazo mugule ufa wachimanga wa polenta. Kuno chilichonse n'chogula, ndi anyezi yemwe.

Andichotsa kuntchito yokumba ngalande. Kapitawo anandiona ndikukonza khoma la chisakasa chathu, n'kunena kuti, "Iwe wakumapiri, manja amenewa si a fosholo." Tsopano ndikuyala njerwa m'tauni yatsopano, pamalo pamene chaka chatha panali achule ndi bango. Tikumanga nyumba ziwiri zoyang'anana pabwalo limodzi, tchalitchi ndi nyumba ya chipani cha Fasisti, iliyonse ndi nsanja yake. Sabata yatha kunabwera a Lanfranchi, mlembi wa chipani kuno, atanyamula chingwe choyezera. Anayeza uku, anayeza uko, kenako analamula kuti nsanja ya tchalitchi ilekere pomwe yafikapo, ya chipani ikwere mamita ena anayi. Ottorino, mwana wa a Bortolo uja wa kuchigayo, amene timagona mabedi oyandikana, anandinong'oneza kuti, "Gelindo, lero Mulungu amudula msinkhu. Wachita kufuna yekha, bwanji osagula khadi la chipani?" Ndinamuponda phazi. Pakamwa pa munthu ameneyu padzatiika m'mavuto.

Khadilo ine ndatenga. Ndikudziwa zimene bambo anu akananena akanakhala moyo. Koma wopanda khadi salembedwa pamndandanda wa minda, ndipo nyumba zake ndaziona ndi maso anga, Erminia. Zipinda zinayi, khola, uvuni wa buledi, chitsime pakhomo, munda wosalala wopanda ndi mwala umodzi womwe. Akupatsa amene tinamenya nkhondo yaikulu ija, okhala ndi ana otha kulima, ndiponso a mbiri yoyera. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikugona m'zisakasa za eni ake. Ndatopa kuona ana anga kamodzi pachaka ngati mlendo.

Misa timachitira m'shedi ya simenti podikira tchalitchi. Wansembe wathu ndi Bambo Egidio, nkhalamba yoyenda panjinga, ndipo simungakhulupirire, kwawo ndi ku Feltre. Atamva kalankhulidwe kanga anandigwira khutu, amvekere, "Iwe ndiwe wa kuseri kwa phiri lathu lija, kwa anthu akuba tchizi!" Ndinaseka koyamba chifikireni kuno.

Mundilembere za denga la khitchini.

Mwamuna wanu,
Gelindo


Madambo a Pontino, 25 Ogasiti 1935

Erminia wanga,

Moni nonse kumeneko. Makalata anu awiri ndinalandira. Musadabwe ndi kalembedweka, dzanja likunjenjemerabe. Ndinagwa ndi malungo masabata atatu. Nyuzipepala zikuti malungo anatha kuno, ndiye kaya chimene chimandigwedezacho n'chiyani. Pano ndayamba kudya. Mwezi uno sinditumiza kanthu, poti masiku ogona salipira. Mugulitse tchizi ziwiri zija, koma osati kwa a Bortolo, amafinya mtengo.

Kuchipatala cha msasa kunadzaza, anandibweza kuchisakasa. Amene anandisunga ndi Bambo Egidio. Tsiku lililonse masana ndinkamva njinga yawo ikulira tcheni, akubwera ndi kwinini ndi kabotolo ka msuzi. Tsiku lina ndinadzidzimuka n'kupeza akuchapa malaya anga m'ndowa, mkanjo atakwinyira m'mawondo. Ndinati, "Abambo, mukundichititsa manyazi." Iwo anati, "Manyazi ndi fungo la malayawa. Gona."

Ndisanadwale anandipatsa ntchito ina m'nyumba ya chipani. Ndi kachipinda kopanda zenera, makoma a mwala wakuda, kutsogolo kaguwa, pamwamba pake nyale yosazima ngati ija ya m'tchalitchi mwathu. Ndinafunsa a Lanfranchi kuti woyera wake ndi uti. Anandiyang'ana ngati mbuli, n'kuti, "Ofera chipani. Magazi awo ndi amene anaombola dziko lino." Tsiku lotsegulira anaitana maina a akufawo limodzilimodzi, ife tonse n'kumayankha kuti, "Alipo!" Kenako anatigwaditsa. Ndinangozindikira ndachita chizindikiro cha mtanda, osadziwa kuti ndikuchitira ndani.

Ndinawafotokozera Bambo Egidio zimenezi ndili chigonere. Anaseka, koma osati kuseka kwawo kwa masiku onse.

"Atibwereka zonse, Gelindo," anatero. "Guwa, nyale, ofera chikhulupiriro, ndi mawu omwe. Waona zimene alemba pakhoma paja? Khulupirira, mvera, menya nkhondo. Awiri oyambawo ndi a m'katekisimu wathu. Katundu yense wa m'nyumba atenga, koma Mwini nyumba amusiya panja."

Ndinati, "Nanga ife amene tili ndi khadi?"

"Khadi limakhala m'thumba, mwana wanga. Bola lisalowe m'chifuwa. Imwa msuziwo usanazizire."

Kalata iyi mukawerenga muiike pamoto. Si kuti muli choipa, koma Nives amakonda kuwerengera anzake.

Loweruka masana tsopano sitipuma, timaguba pabwalo ndi ndodo m'malo mwa mfuti. Amuna a imvi, ena otsimphina. Ine anandikhululukira milungu iwiri chifukwa cha matendawa. Dzina lathu pamndandanda lili pa nambala 63. Akuti chaka chamawa agawa nyumba makumi anayi.

Mupsompsone amayi m'malo mwanga.

Gelindo


Madambo a Pontino, 13 Okutobala 1935

Mkazi wanga,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine mphamvu zabwerera, ngakhale ndikakwera pamwamba mutu umazungulira. Ndatumiza malira makumi asanu. Mugule nkhuni za amayi zisanakwere mtengo.

Mabelu analira kumeneko monga analirira kuno? Ife anatitsitsa pamakwerero dzuwa likadalipo, matope ali m'manja, kuti tikamve mawu a Mtsogoleri wa dziko pawailesi yaikulu ya pabwalo. Anthu anakuwa mpaka mawu kusasa. Akuti tikupita ku Itiyopiya kukatenga malo athu ndi kukamasula akapolo. Inenso ndinakweza mkono. Aliyense amayang'ana mkono wa mnzake.

Lamulungu lapitali ananyamuka anyamata makumi atatu a pamsasa pano. Kunabwera mkulu wina wa ansembe wochokera kumzinda, wa lamba wofiira. Analalika kuti asilikali athu akunyamula mtanda kupita nawo kumdima, ndipo anawaza madzi odalitsidwa pambendera, pamalole ndi pamipeni. Atatha anapatsira Bambo Egidio chowazira chija kuti apitirize. Iwo anadutsa mulu wa mfuti ngati sanauone, n'kupita kwa anyamatawo, kumugwira aliyense pamutu ndi kumutchula dzina. A Lanfranchi anati, "Abambo, mwaiwala zida." Iwo anayankha kuti, "Madzi atha, bwana mlembi. Ndinayambira zimene zili ndi mzimu." Ottorino anatsokomola kuti abise kuseka. A Lanfranchi sanaseke. Anatulutsa kabuku m'thumba.

Tsopano za Tullio. Mwati akufuna kukalembetsa, ati anzake onse apita ndipo bambo mfumu a parishi yathu anawatamanda paguwa. Mumuuze kuti ndakana. Ine nkhondo ndinaiona ndili ndi zaka zake zomwezo. Nafenso anatidalitsa ponyamuka, ndipo a mbali inayo tinkawapeza atafa ndi korona m'manja, yofanana ndi yathu. Sindinamuuzepo zimenezi chifukwa sindizikonda. Ngati izi sizimugwira mtima, mumuuze kuti dzina lake lili papepala la munda. Popanda manja ake satipatsa nyumba. Aleze mtima chaka chimodzi chokha.

Pa Khirisimasi sindibwera. Amene achoka panthawi ino akuwabweza kumunsi kwa mndandanda.

Wanu,
Gelindo


Madambo a Pontino, 29 Disembala 1935

Erminia,

Moni wa chaka chatsopano kwa nonse. Masokosi mwandilukira afika, zikomo. Kuno mvula usana ndi usiku, chisakasa chikudontha pamutu penipeni pa bedi langa. Khofi anasowa, tikumwa balere wokazinga n'kumamutcha khofi. Sopo wakwera kawiri.

Za mphete, lekani kulira. Mwati anakuikani pamzere amayi onse a m'mudzi, bambo mfumu ataima pambali, aliyense n'kumaponya mphete yake yaukwati m'chipewa chachitsulo kuti golideyo athandize nkhondo. Mwati inakana kuvuka mpaka mkazi wa mlembi wa chipani kumeneko anabwera ndi sopo. Simunalakwe. Mukanakana, mawa lake dzina lathu likanamveka mpaka kuno. Yachitsulo anakupatsaniyo, poti ikudetsa chala, muziipaka mafuta. Akuti anaidalitsa. Ine amene ndinakuvekani yoyambayo ndikadali mwamuna wanu, ndipo sindinakwatire mphete.

Yanga ndinapereka tsiku lomwelo. Sinavute kuvula, malungo anandithandiza.

Misa ya Khirisimasi tinachitira m'tchalitchi chatsopano, ngakhale mazenera sanaike. Munali anthu oposa mazana awiri. Makoma ake ndi anga, Erminia, ndipo ndinaima pafupi ndi guwa kuti ndione ngati pulasitala wagwira. Ndikanadziwa ndikanaima kukhomo. Bambo Egidio analalika zinazake. Sindizilemba. Sanakweze mawu, sanatukwane munthu, koma a chipani a malaya akuda amene anakhala kutsogolo anatuluka Misa ili pakati. Potuluka palibe anayang'ana mnzake. 

Mawa lake ndinawapeza akupopa njinga. Ndinati, "Abambo, simukanangowerenga Uthenga Wabwino n'kukhala pansi?"

Anati, "Ndi umene ndinawerengawo."

"Akupwetekani."

"Ndakalamba, Gelindo. Ndakhala chete kuyambira pamene anatseka magulu athu a achinyamata zaka zinayi zapitazo. Tsiku lina ndikafunsidwa, ndipo wofunsayo si Lanfranchi. Tagwira apa, tayala likuphwa."

Mumuuze Tullio kuti ndamva zoti wamvera, ngakhale sakundilembera. Akwiye, bola ali moyo.

Gelindo


Madambo a Pontino, 16 Febuluwale 1936

Mkazi wanga,

Moni. Ndili bwino. Ndatumiza malira makumi asanu ndi awiri, andikweza kukhala woyang'anira amisiri anayi.

Mwafunsa za Bambo Egidio, kuti muwatumizire tchizi. Musatumize. Anasamuka. Tili ndi wansembe wina, Bambo Saverio, wachinyamata, anali ndi asilikali kale ndipo amavala mamendulo pamkanjo. Amaimba bwino. Mazenera a tchalitchi aikidwa, chipani ndicho chalipira.

Dzina lathu lakwera, lili pa nambala 11.

Mwati kalata yanga ya Januwale inali ya mizere itatu ngati ya munthu wokwiya. Sindinakwiye. Ntchito yachuluka, ndipo sindikugona bwino. Ottorino anasamukira kubedi la kukhomo, akuti ndimalankhula kutulo. Ngati alembera kwawo zinazake, musamvere za m'chigayo. Ndidzakuuzani ndekha.

Amayi apitirize kundipempherera korona monga amachitira. Muwauze awonjezereko.

Denga la khitchini lisiyeni, musaonongerepo ndalama. Mwina sitikhalitsamo.

Gelindo


Madambo a Pontino, 17 Meyi 1936

Erminia,

Moni kwa inu ndi ana. Kalata iyi sikudzera kupositi, akubweretserani Ottorino pamanja. Amuchotsa ntchito. Tsiku lokondwerera kuti nkhondo tapambana, mabelu akulira, Bambo Saverio akuimbitsa nyimbo yothokoza Mulungu, iye anafunsa mokweza kuti, "Poti tsopano tili ndi ufumu waukulu, nsapato zake agawa liti?" A chipani anamutengera kuseri, anamumwetsa botolo la mafuta a nsatsi, n'kumupatsa tikiti ya sitima. Mukamuona musamuseke, wafooka. Sakundilankhula bwinobwino, koma kalata wavomera kunyamula.

Muwerenge muli nokha.

Pa Khirisimasi paja Bambo Egidio ananena izi: "Ana anga, kutsidya kwa nyanja kumene tatumiza anyamata athu kulinso matchalitchi, ena akale kuposa athu. Kumenekonso amayi amabatiza ana awo m'dzina lomweli. Mabomba athu akugwera anthu amene akunena Atate Athu. Akutiphunzitsa kuti palibe chokhala pamwamba pa boma, kuti munthu ndi wa boma thupi ndi mzimu womwe. Inalipo mfumu ina imene inkaganiza choncho, ndipo ana a ku Betelehemu ndi amene analipira. Mwana wabadwa leroyu alibe mpeni. Sankhani amene mumugwadire, pakuti mawondo muli nawo awiri okha, ndipo amagwada pamodzi."

Patatha milungu iwiri anayamba kutiitana mmodzimmodzi kunyumba ya chipani. Aliyense potuluka ankati, ine ndinali kumbuyo, ine ndinali ndi chimfine, ine khutu langa linafa kunkhondo. Ine ndinalowa Lachinayi m'mawa. Munali a Lanfranchi, wapolisi wochokera kumzinda, ndi wolemba pamakina. Patebulo panali mapepala awiri. Lina linali mndandanda wa minda. Sanalitchule n'komwe, anangoliika poti ndilione.

A Lanfranchi anati, "Gelindo, iwe unaima patsogolo, tonse tinakuona. Anyamata anga awiri alumbira kuti wansembe uja anatchula Mtsogoleri kuti galu ndiponso anatemberera mbendera. Ndi zoona?"

Ndinati, "Ayi bwana, limenelo ndi bodza. Sanatukwane munthu."

"Chabwino. Ndiwe Mkhristu, sunganame. Nanga anati chiyani?"

Erminia, ndikanatha kunena kuti ndaiwala. Mawuwo anali pakamwa. Koma ndinayang'ana pepala lija, ndipo ndinadziuza kuti ndikanena zoona ndiwathandiza, ndiwachotsera bodza la galu lija. Ndinayamba kunena. Mukudziwa mutu wanga, chimene ndamva kamodzi sichichoka. Ndinanena zonse, mawu ndi mawu. Wapolisi uja anakweza dzanja, amvekere, "Pang'onopang'ono, bambo, kuti wolembayo asatsalire." Pamenepo ndinadziwa chimene ndikuchita. Ndipo sindinaleke. Anandiwerengera, ndinasaina dzina langa lonse.

A Lanfranchi anandiperekeza mpaka pakhomo, dzanja lili paphewa langa. Anati, "Anyamata anga aja, akuluakulu a boma sakanawakhulupirira, ndi zidakwa. Koma iwe ndiwe munthu wa Misa."

Apolisi anabwera kudzawatenga Bambo Egidio Lolemba m'mawa, ife tili pamakwerero. Anatuluka ndi kasutikesi kamodzi. Anayang'ana m'mwamba kumene tinali, n'kukweza chipewa. Ine ndinayang'ana njerwa. Awapatsa zaka zitatu kukamudzi kena ka kumapiri a kumwera, kumene saloledwa kulalika kapena kutuluka m'mudzimo. Akuluakulu a Mpingo akuti anangoti nkhalambayo inatopa mutu. Njinga yawo inakhala yotsamira khoma la tchalitchi mpaka wina anaiba.

Ottorino atamva anati, "Anthu mazana awiri tonse tinali mtulo tsiku limenelo. Iwe wekha ndiye unali maso?"

Pa Pasaka ndinapita kukalapa kwa Bambo Saverio. Ndinawauza zonse monga ndakuuzirani. Anandifunsa kuti, "Unanama?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye tchimo lili pati? Unamvera olamulira, ndipo ulamuliro umachokera kwa Mulungu. Amene anabwezera mtanda m'masukulu ndani? Amene anayanjanitsa dziko ndi Papa ndani? Amene akutitchinjiriza kwa okana Mulungu, ootcha matchalitchi, ndani? Wansembe uja anaiwala zonsezi. Usadzivutitse. Pali china?"

Ndinati, "Abambo, ndinapereka munthu amene anandichapira malaya ndikudwala."

"Ndati si tchimo. China?"

Ndinangoti ndinatukwana wilibala. Anandipatsa Tikuoneni Maria atatu, n'kundikhululukira za wilibalayo. Ndinatuluka ndi katundu wanga yense monga ndinalowera. Ukalistiya sindinalandire, ndipo sindikulandira mpaka lero.

Ndikupemphani chinthu chimodzi. Bambo Egidio ali ndi mchemwali wawo ku Feltre, dzina lake Amabile, amasoka zovala kuseri kwa msika. Mupiteko. Mukamuuze kuti ndine. Akakuthamangitsani, mubwerere, musayankhe. Ndipo ngati inunso simufuna kundilembera, ndimva.

Gelindo


Madambo a Pontino, 20 Seputembala 1936

Mkazi wanga Erminia,

Moni kwa inu, amayi, Tullio ndi Nives. Kalata yanu yafika Lachiwiri, patatha miyezi inayi. Sindikudandaula. Tsiku lililonse ndinkapita kukaima pamene amagawira makalata, mpaka wogawayo anayamba kundipukusira mutu ndikadali patali. Mwalemba kuti munakhala milungu itatu osatha kutchula dzina langa popemphera. Zikomo ponena zoona. Zikomonso kuti munapita ku Feltre wapansi, ndi kuti munapitanso kachiwiri mayi Amabile atakutsekerani chitseko ulendo woyamba.

Nyumba yatuluka. Ndi nambala 27, m'mbali mwa ngalande yaikulu, ng'ombe ziwiri ndi pulawo zili kale m'khola. Akuti mufike sabata yoyamba ya Novembala, sitima alipira iwo. Ndinakaiona Lamulungu. Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, osalowa.

Mwafunsa kuti muli chiyani m'kakalata komata kamene mayi Amabile anabwera nako kuchokera kwa mchimwene wawo, kamene munaika m'kati mwa yanu. Ndinakhala nako masiku awiri m'thumba. Nazi zimene alemba:

"Gelindo, wakuba tchizi iwe. Pepala lako anandiwerengera pamlandu. Zaka makumi anayi ndakhala ndikulalika, ndipo ndinkadziwa kuti anthu amaganiza za nkhomaliro. Tsiku limenelo ndinamva ulaliki wanga wonse, osasowa liwu ndi limodzi, ndipo ndinati, Ambuye, mmodzi anamvetsera. Sindikunena kuti unachita bwino. Iwe ukudziwa chimene unayang'ana posaina, ndipo ndamva kuti wachitchula ndi dzina lake. Chimenecho ndakukhululukira, ine ndi Amene anandituma. Pita ukalandire Ukalistiya. Kuno kumazizira, maso akufooka, ndipo masiku ena ndimakayika ngati ndinanenadi mawu aja kapena ndinangolota kuti ndinalimba mtima kamodzi. Ngati ukuwakumbukirabe, undilembere. Koma dziwa kuti makalata anga onse amayamba awerengedwa ndi apolisi. Ukapanda kulemba, sindidzakuwerengera mlandu."

Ndinawerengera kuseri kwa mulu wa mchenga. Ndinaseka, kenako sindikudziwa chimene chinachitika, mmisiri wina anabwera kudzandifunsa ngati malungo abwereranso.

Ndaganiza masiku atatu, Erminia. Ndaganiza za mawondo a amayi pa phiri lija, za Tullio amene ndinamuletsa kupita chifukwa cha munda umenewu, za inu ndi zaka khumi zogona nokha. Ndikanakonda kukufunsani kaye, koma ndikudzidziwa. Ndikadikira yankho lanu ndipeza chifukwa china chabwino, monga ndinachipezera tsiku lija.

Ndalemba. Ulaliki wonse, masamba awiri, ndi zilembo zikuluzikulu kuti athe kuona. Pansi ndaika dzina langa lonse ndi nambala ya nyumba. Ndiponya pamodzi ndi kalata inoyi mawa popita kuntchito.

Mwina wapolisi wa kumeneko ndi waulesi, sawerenga mpaka pansi. Mwina awerenga, n'kutumiza mawu kwa a Lanfranchi. Sindikudziwa, ndipo ndatopa kwambiri moti mantha akuchita kusowa pokhala. Lero m'mawa ndalandira Ukalistiya. Bambo Saverio anandimwetulira, akuyesa kuti mawu awo aja andigwira mtima.

Mbewu ya nyemba zathu musaiwale, za kuno sizikoma. Katundu yambani kumanga, koma mbale ndi zofunda muziike pamwamba, poti mwina muzimasulanso. Anthu musawatsanzike msanga.

Mwamuna wanu,
Gelindo Zanette